Maphunziro a malamulo a nkhondo ndi ufulu wa anthu ku Geneva

Nkhondo nayonso ili ndi malamulo ake, ndipo awa ndiwo amaphunzitsidwa mozama pasukulu ya ukachenjede ya Geneva Academy m'dziko la Switzerland, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 2007.

Ophunzira, omwe amakhala atapata kale digiri yoyamba, amasanthula mapangano anayi a ku Geneva a 1949 ndi mfundo zoonjezera za 1977. Mapanganowa amateteza ovulala, asilikali ogwidwa kunkhondo komanso anthu wamba.

Luntha lotere nlofunika kwa akuluakulu a boma, popeza m'chaka cha 2013 asilikali a dziko lino adalowa m'gulu lapadera la United Nations lobwezeretsa bata ku Democratic Republic of Congo. Wolamula asilikali akaphwanya malamulowa, mlandu umagwera iye mwini pamodzi ndi dziko lake.