ALF, mlendo wobisidwa kukhitchini, ndi mbiri yathu ya ku Mbombwe

Pa 22 September 1986, wailesi ya kanema ya NBC ku America idayamba kuonetsa sewero lanthabwala lotchedwa ALF. Nkhani yake idayamba ndi ngozi. Chombo cha m'mlengalenga chidagwera pagalaja ya banja la a Tanner m'dera la San Fernando Valley ku California, ndipo m'katimo eni nyumba adapezamo kacholengedwa kakafupi, kaubweya thupi lonse, kamphuno yaitali. Katatsitsimuka, kadayamba kulankhula Chingerezi ngati kadabadwira komweko.

Panthawiyo kuno kwathu kudalibe wailesi ya kanema. Television Malawi idadzatsegulidwa pa 1 April 1999, ALF atatha kale zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Ife zisudzo tinkazimva ndi makutu, pa Sewero la Sabata Ino ndi Kapalepale pa MBC. Lero zigawo za seweroli zikupezeka pa intaneti, moti aliyense wokhala ndi foni ndi kabandulo atha kuonera. Munthu wa ku Chiradzulu akaonera, aseka ndithu, koma posakhalitsa azindikira kuti nkhani ya mlendo amene amabisidwa m'nyumba adaimva kale kwa agogo ake.

Mlendo wosowa kobwerera

Dzina loti ALF adamupatsa ndi bambo wapanyumbapo, Willie Tanner. Ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Alien Life Form, kutanthauza chamoyo chochokera kudziko lina. Dzina lake lenileni ndi Gordon Shumway, ndipo kwawo ndi ku Melmac, dziko limene lidaphulika ndi zida za nyukiliya. Chombo chake chidalondola mauthenga a kawailesi kamene Willie ankaseweretsa m'galajamo.

Pachikhalidwe chathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. ALF ndi mame okana kukamuka. Kwawo kudatheratu, chombo chidawonongeka, ndipo kunja kuli gulu la asilikali lotchedwa Alien Task Force limene ntchito yake ndi kusaka zolengedwa zotere. M'chigawo choyamba, msilikali wina atatsinidwa khutu adafika pakhomo. Mayi wapanyumbapo, Kate, amene sankamufuna mlendoyo m'pang'ono pomwe, adafunsa zomwe angamuchite akamugwira. Atamva kuti akamuyesa ndi moto, chisanu ndi magetsi kenako n'kumutumbula, adayankha kuti m'nyumba mwake mulibe chachilendo chilichonse. Bodza limenelo ndilo lidamanga banjalo kwa zaka zinayi.

Kuyambira pamenepo, munthu akangogogoda pachitseko, ALF amathawira kukhitchini. Anansi awo, Trevor ndi Raquel Ochmonek, ndi aja okonda kusuzumira pazenera ndi kulowa m'nyumba za eni osaodira. Ana awiri a m'banjamo, Lynn ndi Brian, adaphunzira kusunga chinsinsi akadali aang'ono, moti ngakhale kuitana anzawo kunyumba kudasanduka nkhani yoyamba yakambirana.

Mlendoyo naye si wofatsa. Amadya ngati alibe mawa, amaphwanya ziwiya, amagula katundu pangongole m'dzina la Willie, ndipo maso ake sachoka pa mphaka wapanyumbapo, Lucky, chifukwa kwawo ku Melmac mphaka ndi ndiwo. Nthabwala zambiri zagona pamenepa. Komabe pakati pa phwetephwete pamabwera kamphindi kachete, pamene ALF amakumbukira abale ake amene sadzawaonanso, kapena kuyang'ana kunja kumene saloledwa kupondako. Mmodzi mwa anzake ochepa a kunja kwa banjalo ndi mayi wina wosaona, amene adamulandira chifukwa chomva mawu ake okha.

Adayambitsa seweroli ndi Paul Fusco ndi Tom Patchett. ALF chidali chidole chimene Fusco ankachiyendetsa ndi dzanja n'kumachilankhulira. Nyumba yojambuliramo adaimanga pamwamba, pansi pake n'kuboola maenje oti oyendetsa chidolecho azibisalamo. Akafuna kumuonetsa thupi lonse akuyenda, ankavala chikopacho ndi Michu Meszaros, bambo wamfupi kwambiri wochokera ku Hungary. Chigawo cha theka la ola chinkatha kudya maola oposa 20 kuti chijambulidwe.

Masewero a mtundu uwu adayamba kale. Mu My Favorite Martian, kuyambira 1963 mpaka 1966, mtolankhani wina adabisa mlendo wochokera ku Mars pouza anthu kuti ndi malume ake. Mu Mork & Mindy, kuyambira 1978 mpaka 1982, Robin Williams adasewera ngati mlendo wochokera ku Ork. Koma alendo awiriwa ankaoneka ngati anthu, choncho ankatha kuyenda mumsewu. ALF nkhope yake yokhayo inkamuulula.

Mathero ake adadabwitsa ambiri. Pa 24 March 1990, m'chigawo chomaliza, ALF adatsanzika banjalo kuti akakwere chombo cha anzake awiri opulumuka ku Melmac. Asilikali adafika chombocho chisanamunyamule, anzakewo adathawa, iye n'kutsala atazingidwa. Opanga seweroli ankayembekezera kupitiriza chaka chotsatira, koma NBC idalithetsa. Oonera adadikira mpaka 1996 pamene filimu ya Project: ALF idadzamaliza nkhaniyo.

Mbombwe ndi mudzi wa alendo

Tikabwera kuno kwathu, Mbombwe amadziwika ndi m'busa John Chilembwe, amene adakhazikitsa Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900. Iye yemwe adalawako ulendo. Adapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, ndipo adaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, nthawi imene tsankho kumeneko lidali pachimake. Adamusunga ndi kumuphunzitsa ndi anthu akuda a mpingo wa Baptist. Atabwerera, ena mwa iwo adamutsatira: Landon Cheek adafika mu 1901, Emma DeLany mu 1902.

Alendo ochuluka zedi adali ochokera kuvuma. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi zaka zotsatira, Alomwe ambirimbiri adawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Pofika kuno adapeza malo aakulu ali m'manja mwa azungu a minda, monga A.L. Bruce Estates ku Magomero. Kuti apeze pomanga nyumba ndi polima, ankalipira ndi thukuta lawo pa thangata. Munthu wopanda kobwerera sakana lamulo la mwini malo, ndipo eni mindawo ankadziwa zimenezo. Ambiri mwa amene ankapemphera ndi Chilembwe, komanso amene adadzuka naye pa 23 January 1915, adali ochokera m'mabanja amenewa.

Alendowa adapatsidwa dzina lonyoza loti Anguru. Padatenga khama la Lewis Bandawe ndi anzake, amene adayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943, kuti boma la atsamunda lileke kugwiritsa ntchito dzinalo. Koma manyazi adali atazika kale mizu. M'mabanja ambiri Chilomwe chidasanduka cholankhula akuluakulu okha m'nyumba, ana n'kumakula ndi Chinyanja kuopa kusekedwa kusukulu ndi kumsika. Chilankhulo chidathawira kukhitchini, monga ankachitira ALF. N'chifukwa chake lero pali adzukulu ambiri amene amavina tchopa ku Chonde pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe, koma sangathe kucheza m'chilankhulo cha agogo awo.

Ngakhale mwana wa pompano adaonapo kukanidwa pakhomo. Tchalitchi cha Chilembwe chitaphulitsidwa mu 1915, mishoni idatsekedwa. Dr Daniel Malikebu, amene adaphunzira udokotala ku America, atafuna kubwerera kwawo boma la atsamunda lidayamba lamukaniza. Adadzaloledwa mu 1926, ndipo ndi pamene PIM idatsegulidwanso.

Ana athu obisala kunja

Mawu oti alien m'Chingerezi ali ndi matanthauzo awiri: cholengedwa cha kudziko lina, komanso munthu amene si nzika. Abale athu a ku Zimbabwe tanthauzo lachiwirili amalidziwa bwino. Makolo awo adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ena kudzera ku Mthandizi, ena paselufu, ndipo ambiri adasanduka matchona. Ana ndi adzukulu awo adabadwira komweko, koma pa ziphaso zawo padalembedwa mawu omwewa akuti alien. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri adapezeka alibe unzika ndipo adalephera kuvota. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 ndi amene adatsegulanso khomo kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo adachokera m'maiko a SADC.

Ku Joni nako nkhani ndi yomweyo. Kale anthu ankapita ndi Wenela, atalembedwa m'kaundula. Ulendowo udaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo ngakhale udayambiranso pansi pa TEBA, udadzatha cha m'ma 1988. Lero mnyamata amagulitsa mbuzi, n'kukwera basi ku Blantyre, masiku ake okhala m'dzikomo n'kutha, iye n'kukhalabe. Amagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya bwana. Akaona galimoto ya apolisi amakhota, chifukwa akudziwa za Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako ofuna kubwezedwa kwawo. Mu minibasi foni ikalira sayankha, kuopa kuti Chichewa chimuulula. Akadwala amazengereza kupita kuchipatala. Bwana akamumana malipiro alibe kokadandaula.

Mantha amenewa ali ndi chifukwa. Mu May 2008, zipolowe zodana ndi obwera zidapha anthu 62 m'dziko la South Africa. Mu April 2015 zidabukanso ku Durban, mpaka boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Chaka chotsatira zipolowe za 2008, filimu ya District 9 idaonetsa zolengedwa za kudziko lina zitatsekeredwa m'zisakasa mu Johannesburg, ndipo oonera ambiri sadavutike kuona amene ankanenedwa.

Tikalandira malata ndi ndalama za feteleza zochokera ku Joni, timayamika. Sikawirikawiri timafunsa kuti wotumizayo amagona bwanji.

Nanga ife tikakhala eni nyumba?

Zaka zomwe ALF ankaonetsedwa ku America ndi zomwenso dziko lino linkalandira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Chiwerengero chawo chidafika poposa 1 miliyoni nkhondoyo isanathe mu 1992. Ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, anthu osauka adagawana minda, nkhuni ndi zitsime ndi anzawo osauka. Imeneyo ndi mbiri yonyaditsa.

Koma mu May 2023 tidaonanso zina. Apolisi ndi asilikali adagwira othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni, ena n'kuyamba asungidwa kundende ya Maula, asanawatumize ku Dzaleka m'boma la Dowa. Msasawo udatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000, koma muli anthu oposa 50,000. Ena mwa ogwidwawo adali ana obadwira konkuno, olankhula Chichewa ngati ine ndi inu. Pakati pathu padali owomba m'manja, ena mwa iwo ali ndi m'bale wobisala ku Durban.

Dziko lililonse lili ndi malamulo a zolowa ndi kutuluka, ndipo liyenera kudziwa amene ali m'malire ake. Ochita malonda ang'onoang'ono amene amadandaula za mpikisano nawonso ali ndi mfundo. Sewero la ALF silibisa kuti kusunga mlendo n'kolemetsa: a Tanner ndalama zinkawathera, ufulu wawo udachepa, ndipo ankakangana kawirikawiri chifukwa cha iye. Chomwe seweroli likuonetsa n'chakuti kubisala kumawononga onse awiri. Wobisidwayo sangagwire ntchito poyera kapena kudziteteza, ndipo womusungayo amakhala ndi mantha m'nyumba yake yomwe. Asanamutsegulire kapena kumutsekera chitseko, Kate adayamba wafunsa chimene chikamuchitikire mlendoyo akamutenga. Funso limenelo ifenso tingalifunse, ngakhale pamene lamulo lili kumbali yathu.

Pali zina zomwe tingachite osadikira boma. Makolo tisamathamangire kugulitsa ziweto kuti mwana anyamuke alibe pasipoti ndi chilolezo chogwirira ntchito, chifukwa tikumutumiza kukakhala kukhitchini kwa eni. Amene ali kale kumeneko tiziwaimbira foni ngakhale tsiku limene sitikupempha kanthu. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo, pakabuka mkangano pakati pa mwini mudzi ndi wobwera, aziweruza mlandu osati mtundu wa munthu.

Ndipo pa 15 January, atsogoleri akasonkhana ku PIM kukumbukira Chilembwe, aphunzitsi a m'sukulu zozungulira Mbombwe angachite bwino kupatsa ana ntchito yosavuta: aliyense akafunse agogo ake kumene banja lawo lidachokera, chimene adathawa, ndi amene adawapatsa malo atafika. Ana ambiri adzabwera ndi mayina a midzi ya kutsidya kwa malire, ndipo ena adzamva koyamba mawu a Chilomwe akutuluka m'kamwa mwa agogo awo.