Zoti Munthu Aone m'Mapiri a ku Dedza

Anthu ambiri a m'midzi amayesa kuti zinthu zodabwitsa zili kutali, kumene munthu sangafike popanda ndalama zambiri za basi. Koma m'boma la Dedza mumafika alendo a ku Ulaya ndi maiko ena kudzaona mapiri ndi mapanga amene ana a sukulu obadwira konko sanawaonepo, chinkana ena mwa malowo ali pafupi, poti munthu anyamuka m'mawa nabwerako dzuwa lisanalowe. Nkhani ino ifotokoza malo atatu otere, ndiponso m'mene aphunzitsi ndi makolo angakonzere ulendo wokawaona.

Phiri la Dedza

Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa makilomita ngati 85 kuchokera ku Lilongwe, ndipo m'Malawi mulibe tauni ina yokhala pamalo okwera kuposa iyo. Kumbuyo kwake kuli Phiri la Dedza, limene nsonga yake ili mamita 2,198 pamwamba pa nyanja yamchere, ndiko kuti mapazi oposa 7,200. Njira yokwerera imapyola m'nkhalango ya paini, ndipo munthu wamphamvu amakwera ndi kutsika tsiku lomwelo. Kunja kukayera, woima pamwambapo amaona midzi ya ku Mozambique kumadzulo, ndi chigwa cha Nyanja ya Malawi kum'mawa. Amene ayenda mosachita phokoso amaona mbira zikuothera dzuwa pamiyala, anyani, ndi mbalame zamitundumitundu. Paja kuona maso a nkhono nkudekha.

Mphunzitsi ali ndi phunziro labwino pa phiri limeneli. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumachepa ndi madigiri ngati 6. Ndicho chifukwa chake ku Dedza ndi ku Bembeke kumazizira, nkumalola mbatata ya kachewere, kabichi ndi mapichesi, pamene ku Mtakataka, m'boma lomwelo, kumatentha ndipo kumamera milambe. Mwana amene wamva mphepoyo pakhungu lake sadzaiwala zimene anawerenga m'buku.

Mapanga a ku Chongoni

Kumpoto chakumadzulo kwa Dedza kuli mapiri a miyala ikuluikulu ndi nkhalango ya Chongoni. M'mapanga ndi pansi pa miyala ya kumeneko muli zithunzi zimene anthu akale anajambula. Malo okhala ndi zithunzizi anawerengedwa nakwana 127, ndipo odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linalemba dera lonseli m'kaundula wa malo amene ali chuma cha anthu a pa dziko lonse lapansi.

Zithunzizo zili za mitundu iwiri, ndipo mlendo ayenera kudziwa kuzisiyanitsa. Zofiira ndizo zakale koposa. Zambiri mwa izo ndi mizere yondondozana, zozungulira zokhala ndi zinzake m'kati, ndi zina zonga dzuwa lotulutsa kuwala. Anazijambula ndi Akafula, amene ena amawatcha Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene anakhala m'dziko muno alimi asanafike. Agogo ambiri amasimbabe za anthu aafupi amenewa, ndi dzina lija lakuti Amwandionerapati. M'chaka cha 1972 katswiri wa zinthu zakale, J. Desmond Clark, anakumba pansi pa phanga la Mwana wa Chentcherere, napeza zida zamiyala ndi mafupa a nyama zimene anthu okhala m'menemo anasiya.

Zoyera ndi za Achewa. Anazijambula ndi dothi loyera, popaka ndi chala, ndipo pena anazipaka pamwamba pa zofiira zija. Umenewu ndiwo umboni wakuti zoyera zinadza pambuyo. Zina zimaoneka ngati buluzi kapena chikopa cha nyama choyalidwa pansi, ndipo zimenezi ndi za chinamwali cha atsikana. Zina ndi zilombo za Nyau, monga kasiyamaliro, ndipo izi zimaoneka bwino ku Namzeze. Nkhondo za Angoni zitavuta m'zaka za m'ma 1800, Achewa ambiri anathawira m'mapiri amenewa, ndipo ntchito yojambula inapitirira kufikira m'zaka za m'ma 1900. Tanthauzo lenileni la zithunzi zoyera ali nalo ndi anamkungwi ndi akuluakulu a kudambwe, ndipo pali zina zimene iwo sanena pagulu. Mlendo wanzeru amalandira zimene wauzidwa, osaumiriza.

Tsono pali chinthu chodetsa nkhawa. Zithunzi zimene zinapirira mvula ndi dzuwa zaka mazanamazana zikuonongeka ndi manja a anthu a lero. Ena amalemba maina awo pamwamba pake ndi makala, choko kapena penti. Osaka mbewa ndi abusa a ng'ombe amasonkha moto m'mapanga, utsi nkudetsa mwala, ndipo kutentha kumasuwula khungu la mwalawo pamodzi ndi chithunzi chomwe. Ena amawaza madzi kuti utoto uoneke bwino, osadziwa kuti madziwo amasungunula dothi. Mitengo yotchinga pakhomo la phanga ikadulidwa, mvula ndi dzuwa zimafika pa chithunzi mosavuta. Nyumba ikagwa imamangidwanso, koma chithunzi cha Akafula chikafafanizika chapita, pakuti eni ake kulibenso.

Kutsikira ku Parishi ya Mua

Wochoka ku Dedza kulowera kummwera amapitirira mphambano ya ku Bembeke, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Dedza, nakhotera kum'mawa pa msewu wotsikira ku Golomoti. Msewuwu ndi wokhotakhota, ndipo pa makona ena munthu amaona chigwa chonse kufikira kunyanja. Kuchokera pa Golomoti, Mua ali chakumpoto, patsinde penipeni pa mapiri, m'dziko la Inkosi Kachindamoto.

Mishoni ya Mua inayambidwa m'chaka cha 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo ili m'gulu la mishoni zakale kwambiri za Akatolika m'Malawi. M'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe otchedwa Kungoni. Kumeneko amisiri amasema ziboliboli, ndipo kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare. M'zipinda zake muli mbiri ya mishoniyo, miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa kwa munthu kufikira maliro ake, ndi zigoba za Gule Wamkulu mazana angapo. Gule ameneyu analemekezedwa ndi UNESCO m'chaka cha 2005. Amene waona zilombo zojambulidwa pamwala ku Namzeze amazindikira msanga zimene aona ku Chamare. Pambali pa mishoni pamayenda mtsinje wa Nadzipokwe, umene unaboola miyala m'kupita kwa zaka, ndipo kumtunda kwake kuli nkhalango ya Mua-Livulezi.

Malangizo kwa Aphunzitsi

1. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, pamene njira zauma ndipo kunja kuli koyera. M'dzinja miyala imaterera, ndipo m'chilimwe utsi wa moto wolusa umabisa zakutali.

2. Asananyamuke, mphunzitsi adziwitse makolo, ndipo akafika ayambe waonekera kwa mfumu ya mudzi kapena kwa alonda a nkhalango, kuti ampatse munthu wodziwa njira.

3. Mwana aliyense atenge madzi akumwa, kamba wa panjira monga mbatata yootcha kapena chimanga chokazinga, ndi chovala cha mphepo. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imatsika modzidzimutsa, chotero ana ayende pamodzi, wamkulu mmodzi patsogolo ndi wina pambuyo.

4. M'phanga, ana asakhudze chithunzi, asachithire madzi, asalembe pamwala, ndipo asasonkhe moto. Mapale kapena miyala yosema imene aipeza pansi aisiye pomwepo. Lamulo la dziko limaletsa kuononga kapena kuchotsa zinthu zakale.

5. Ana atenge makope ndi mapensulo, ajambule zimene aona, ndipo pobwerera kumudzi akafunse agogo awo zimene iwo anamva za Akafula ndi za nthawi ya nkhondo. Nkhani zimenezo zikalembedwe ndi kusungidwa pasukulu.

Ulendo wotere sulira ndalama zambiri, makamaka kwa sukulu zoyandikana ndi mapiriwa. Phindu lake nlakuti mwana amene wauzidwa mwini wa zithunzizo sadzatenga khala kukalembapo dzina lake, ndipo adzaletsa mnzake. Aliyense amene aona anthu akuononga phanga kapena kutentha nkhalango apemphedwa kukanena msanga kwa mfumu, kwa alonda a nkhalango, kapena ku ofesi ya Bwanamkubwa ku Dedza.