Ulendo Wokaona Nyama ku Lifupa: Konzekerani Musanakwere Galimoto

Zomwe tinamva m'sewero

M'sewero la sabata ino tinamva za amayi a m'mudzi wina kufupi ndi Kasungu boma. Fodya atagulitsidwa, iwo anasonkherana ndalama kuti apite ndi ana awo kukaona njovu ndi mvuu ku Lifupa. Mayi wina anati: "Ine ndimalima ndi khasu tsiku lonse, ndikonzekeranso chiyani?" Anapita atabereka mwana pa chitenje chakuda, madzi osatenga. Patatha masiku 10 mwanayo anatentha thupi. Apongozi ake anati ndi malungo wamba, nagula mapilitsi ku golosale. Mwana sanachire mpaka pamene mlangizi wa zaumoyo anafunsa funso limodzi: "Kodi mwana ameneyu anapitako ku nkhalango?"

Amayi ambiri pokambirana za seweroli anafunsa mafunso. Nawa mayankho ake.

Kodi Lifupa ndi malo otani?

Lifupa ili mkati mwa nkhalango ya Kasungu, yomwe inakhazikitsidwa kukhala National Park m'chaka cha 1970. Nkhalangoyi ndi yachiwiri kukula kwake m'Malawi muno, pambuyo pa Nyika, ndipo inachita malire ndi dziko la Zambia. Pa Lifupa pali damu lomwe mumakhala mvuu, ndipo nyama zina zimabwera kudzamwa madzi pamenepo. M'chaka cha 2022 njovu 263 anazisamutsira kumeneku kuchokera ku Liwonde. Ndi bwino kuti ana athu aone chuma cha dziko lawo ndi maso awo. Koma ku nkhalango si kumudzi. Chipatala chili kutali, dzuwa limaswa mtengo, ndipo kuli tizilombo tomwe kumudzi sitikumana nato kawirikawiri.

Kodi tiyambe liti kukonzekera?

Yambani kutatsala masabata awiri kapena atatu. Inu mayi mwina thupi lanu linazolowera ntchito, koma mwana wa zaka 4 kapena 5 sanazolowere kuyenda mtunda wautali. Muziyenda naye madzulo, tsiku lililonse muziwonjezera mtunda pang'ono. Mukatero mudzadziwa msanga ngati mwana amatopa mwachangu, amapuma movutikira kapena amadandaula miyendo. Mwana wotere mukamuonetse kuchipatala ulendo usanafike.

Nsapato zatsopano musakaziyambire pa ulendo chifukwa zimatulutsa matuza. Mwana azivale masiku angapo ali pakhomo. Kuyenda wopanda nsapato m'tchire nakonso si kwabwino chifukwa cha minga ndi njoka.

Pitani kusikelo mukaonetsetse kuti mwana walandira katemera yense woyenera msinkhu wake, ndipo buku lake la kuchipatala mulitenge pa ulendo. Mwana yemwe akutsegula m'mimba, akutentha thupi kapena wangochira kumene atsale pakhomo. Njovu sizithawa, adzaziona chaka china.

Nanga mayi woyembekezera angapite?

Ayambe wafunsa anamwino kusikelo. Misewu ya m'nkhalango ndi yafumbi ndiponso yamabampu. Mayi amene mimba yake yakula, amene akutupa miyendo, amene magazi ake ndi ochepa kapena amene anataya magazi pa mimba imeneyi asapite. Amene waloledwa aonetsetse kuti wamwa mankhwala a SP oteteza malungo monga anamuuzira kusikelo, ndipo asakwere pamwamba pa katundu m'lole.

Titenge chiyani?

Choyamba ndi madzi. Tungani madzi a pa mjigo, kapena owiritsa, kapena othira mankhwala a klorini, muwasunge m'chigubu chotsuka bwino ndi chotseka. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri, tsono ana muziwamwetsa pafupipafupi osadikira kuti anene ludzu. Mwana wosakwana miyezi 6 musamupatse madzi. Mumuyamwitse kawirikawiri, bere lokha likumukwanira.

Tengani chakudya chosachedwa kudya koma chosasasa msanga, monga mbatata yootcha, nthochi, mtedza wokazinga ndi thobwa la tsiku lomwelo. Ana adye phala asananyamuke. Tenganinso sopo wosambira m'manja, mapaketi a Thanzi ORS ndi chipewa cha mwana aliyense. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Ngati mukagona komweko, neti ya udzudzu isatsale.

Chifukwa chiyani chitenje chakuda chinali cholakwika?

M'nkhalango ya Kasungu, monganso ya Nkhotakota ndi ya Vwaza ku Rumphi, muli ntchentche zotchedwa kashembe. Kashembe amaluma masana, ndipo kuluma kwake kumapweteka ngati wakubaya singano. Ena mwa iwo amanyamula tizilombo toyambitsa matenda a kaodzera. Kashembe amakopeka ndi nsalu zakuda ndi zabuluu, n'chifukwa chake misampha yomukolera imapangidwa ndi nsalu za mitundu imeneyi. Amatsatiranso galimoto yoyenda.

Choncho valani zovala zokhuthala, za manja aatali, za mtundu wa khaki kapena wotuwa. Mwana wa kumsana mumufunde miyendo ndi khosi ndi nsalu yotuwa, koma nkhope ikhale poyera kuti azipuma bwino. Podutsa m'tchire lowirira tsekani mawindo a galimoto, ndipo kashembe akalowa mupheni.

Tikafika tichite chiyani?

Mverani a gemu. Musatsike m'galimoto pamalo pomwe sanakuuzeni. Mwana mumugwire dzanja nthawi zonse. Musasambe, kuchapa kapena kutunga madzi m'damu. Mvuu imaoneka yaulesi koma imathamanga kuposa munthu, ndipo madzi odikha a m'madamu ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Dzuwa likafika pa liwombo khalani pamthunzi.

Tikabwerako, zatha?

Ayi. Apa ndi pamene mayi wa m'sewero uja anatsala pang'ono kutaya mwana. Kaodzera wa kuno kwathu amayamba kuonekera pakatha sabata imodzi kufikira atatu munthu atalumidwa. Pamalo polumidwapo pamatha kutuluka chotupa chowawa ngati chithupsa. Kenaka thupi limatentha, mutu umawawa, mafupa amaphwanya. Zizindikiro zimenezi n'zofanana ndi za malungo. Kugonagona masana kumabwera pambuyo, matenda atalowa kale mu ubongo. Munthu akapanda kulandira mankhwala amamwalira pakatha masabata kapena miyezi yochepa. Koma akapita msanga kuchipatala kaodzera amachizika.

Aliyense amene watentha thupi atabwerako ku nkhalango apite kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kufunsidwa. Nenani nokha kuti: "Adokotala, mwanayu ndinapita naye ku nkhalango ya Kasungu." Akamuyeza malungo osawapeza, kapena akamwa mankhwala a LA koma osasintha, bwererani mukapemphe kuti ayeze magazi ake ngati muli kaodzera.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi mayi wa m'sewero analakwitsa zinthu ziti asananyamuke?
2. Inu mukanakhala mayi ameneyu, mukanawayankha bwanji apongozi anu mwaulemu pamene anati mwana amwe mapilitsi a ku golosale?
3. Kodi m'mudzi mwanu muli anthu okhala kapena olima kufupi ndi malire a nkhalango? Mungawauze chiyani za kashembe?