MBEU ZA M'MUNDA NAZO ZIMATSATA NDALE

Mwezi wa February uliwonse Angoni amasonkhana pa Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, pamene Inkosi ya Makosi Mpezeni ilawa zipatso zoyamba za m'munda. Koma ndi ocepa amene adziwa kuti mbeu zimenezi zinadzera m'manja mwa akatswiri ofufuza, ndipo akatswiriwo amatsata maganizo a Boma lolamulira.

M'nthawi ya atsamunda kufufuza kunali kothandiza makamaka mafamu akulu a Azungu. Cimanga ca SR52, cimene cinatuluka ku Southern Rhodesia mu 1960, cinali ca alimi okhala ndi feteleza wambiri.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, a Kenneth Kaunda analalikira za Umunthu, nafuna kuti munthu wakumudzi akhale patsogolo. Boma linacepetsa mtengo wa feteleza, NAMBOARD inagula cimanga kulikonse, ndipo akatswiri a pa Mount Makulu anatulutsa mbeu ya MM752 mu 1984. Cimanga cinakwezedwa, koma mapira ndi mawere zinatsalira m'mbuyo.

Cipani ca MMD citalowa mu 1991, thandizolo linacepa ndipo feteleza anadula. Pamenepo nchito ya pa Msekera, pafupi ndi Chipata, yobwezera nthaka ndi mitengo monga jelejele inayamba kufunika kwa alimi.

Tsono mlimi asamangolandira mbeu cabe. Ayenera kuuza alangizi zimene munda wace ufuna, cifukwa maboma amasintha koma njala ikabwera imagwa pakhomo pace.