Digiri ya Utsogoleri Iphunzitse za Kwathu

Masiku ano si chachilendo kuona mkulu wa mu ofesi ya boma, ngakhale mphunzitsi wamkulu wa sekondale, akuŵeruka ku ntchito madzulo nalunjika ku kalasi, kapena akuswera pa desiki Loŵeruka lonse monga mwana wa sukulu. Chimene ambiri a iwo akufuna ndi digiri yachiŵiri ya kayendetsedwe ka malonda ndi utsogoleri, imene imadziŵika ndi zilembo zitatu, MBA. Khama lotere ife tikuliyamikira. Koma popeza ndalama zimene zikuloŵa pa maphunziro ameneŵa n'zambiri, ndipo zina mwa izo n'za misonkho ya anthu, nkoyenera kuti tifunse chimene mtundu wa Amalaŵi ukukololapo.

Digiri imeneyi idabadwira ku America. M'chaka cha 1908 Yunivesite ya Harvard idatsegula sukulu yophunzitsa anthu amene adali kale ndi digiri yoyamba kayendetsedwe ka makampani, ndipo maphunzirowo adali a zaka ziŵiri. Inali nthaŵi imene makampani a njanji ndi mafakitale a dzikolo adakula kwambiri, kotero kuti mwini mmodzi sakadathanso kuŵayang'anira yekha. Padafunika anthu odziŵa kuŵerengera chuma, kugaŵa ntchito ndi kuona patali. Mu 1943 Yunivesite ya Chicago idayambitsa njira yoti munthu aziphunzira ali pa ntchito pomwe, ndipo mu 1949 Yunivesite ya Pretoria ku South Africa idayamba kupereka digiriyi kuno ku Africa.

Chimene chidatchukitsa Harvard ndi kaphunzitsidwe kake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, motsogozedwa ndi mkulu wa sukuluyo, Wallace Donham, amene adaphunzira za malamulo, aphunzitsi adayamba kulemba nkhani zeni-zeni za mabvuto a m'makampani ndi kuzipereka kwa ophunzira kuti aziŵeruza monga milandu. Nkhani yoyamba, ya mu 1921, inali ya tsamba limodzi lokha, ndipo inkakamba za fakitale ya nsapato imene antchito ake ankaleka ntchito nthaŵi yoŵerukira isanakwane. Wophunzira ankafunsidwa chimene chidalakwika ndi chimene iye akadachita akadakhala woyang'anira. Anthu a ku America ankaphunzira motero za mafakitale a kwao, pa mabvuto amene akakumane nao maŵa.

Kuno kwathu nkhani yophunzitsa oyendetsa ntchito idayamba pamodzi ndi ufulu wodzilamulira. Yunivesite ya Malaŵi idakhazikitsidwa mu 1964 ndipo idalandira ophunzira ake oyamba mu 1965. Mwa makoleji ake mudali Polytechnic ku Blantyre, kumene kunkaphunzitsidwa za malonda ndi zoŵerengera ndalama, ndiponso Institute of Public Administration ku Mpemba, imene mu 1973 idaloŵa mu koleji ya Chancellor ku Zomba. Mu 1980 maiko a kuno kum'maŵa ndi kumwera kwa Africa adakhazikitsa ESAMI, imene likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 1989 ku Lilongwe kudatsegulidwa Malawi Institute of Management. Mu 2021 Polytechnic idaima payokha nikhala yunivesite ya MUBAS, ndipo mu 2022 sukulu ya ku Lilongwe ija idaphatikizidwa ndi sukulu ya antchito a boma ya ku Mpemba kupanga Malawi School of Government. Tikaonjezapo mayunivesite a mipingo ndi a anthu apadera, tiona kuti malo ophunzirira utsogoleri sakusoŵanso.

Tsono tiyang'ane zimene zachitika m'zaka zomwezi. Kampani ya ndege ya Air Malawi idamira m'ngongole nileka kuuluka mu 2013. M'chaka chomwecho mudaululika kuba kwa ku Capital Hill kumene kudatchedwa Cashgate, ndipo ofufuza a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zopitirira K13 biliyoni zidatuluka mosatsata njira m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mu 2015 banki ya boma ya Malawi Savings Bank idagulitsidwa italemedwa ndi ngongole zimene obwereka sadabweze. Mu 2022 ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971 kuti izigula mbeu za alimi ang'ono-ang'ono, idatsekedwa kwa kanthaŵi, ndipo antchito pafupi-fupi 4,000 adauzidwa kuti ntchito yao yatha. M'mabungwe onseŵa anthu ophunzira bwino sadasoŵe.

Sitikunena kuti digiri ndiyo idagwetsa mabungwe ameneŵa. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo zina zidachokera kwa andale amene ankaloŵerera pa ntchito za oyang'anira. Chimene tikunena n'chakuti nkhani zimenezi ndizo ziyenera kukhala pa desiki la wophunzira MBA m'Malaŵi muno. Mkulu wathu akatha zaka ziŵiri akusanthula za makampani a ku New York ndi ku London, koma osakhalapo pansi kuŵerengera chifukwa chimene bungwe logula chimanga pa mtengo woikidwa ndi boma ndi kugulitsa pa mtengo wotsika limagwera m'ngongole, ndiye kuti wanola nkhwangwa yokadulira mtengo wa eni. Za kunja aziphunzire ndithu, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Koma dziŵe limene adzagwiremo ntchito ndi lino, la magetsi ozimazima, ndalama zakunja zosoŵa, ndi Kwacha imene idatsika mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023.

Pa chifukwa chimenechi tikupempha akulu-akulu a mayunivesite athu kuti atume aphunzitsi ao kukalemba nkhani za kwathu mwatsatanetsatane, za mabungwe amene adagwa ndi za amene achita bwino omwe, monga minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndi magulu a alimi osunga ndi kubwereketsa ndalama. Malipoti a Auditor General amaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo ndipo sali obisika. Ameneŵa akhale mabuku a m'kalasi. Bungwe la National Council for Higher Education, limene lamulo lake lidakhazikitsidwa mu 2011, lisaleme pa kuyendera sukulu zimenezi, kuti pasapezeke ina yogulitsa mapepala kwa aliyense wokhala ndi ndalama.

Kwa inu a m'maunduna amene mumabvomereza tchuthi cha maphunziro ndi kulipira fizi, pempho lathu n'lakuti munthu asanapite mugwirizane naye bvuto la mu ofesi mwanu limene kafukufuku wake akathetse, ndipo akabwerako mumfunse zotsatira zake musanamkweze pa udindo. Kukweza munthu chifukwa cha pepala lokha kumaphunzitsa achinyamata a mu ofesimo kuti chofunika ndi mkanjo wa tsiku lolandira digiri, ndipo ntchito ya anthu imagona m'mafaelo.

Nanunso aphunzitsi nkhaniyi ikukukhudzani. Mphunzitsi wamkulu amasunga ndalama, amagaŵa ntchito, amakambirana ndi makolo ndi mafumu, ndipo kaŵiri-kaŵiri amapatsidwa mpandowo popanda maphunziro ali onse a utsogoleri. Pamene sukulu ya pulaimale idakhala yaulere mu 1994, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupi-fupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo amene adasenza katunduyo ndi aphunzitsi akulu. Imeneyo ndi nkhani ya kayendetsedwe ka ntchito yoyenera kuphunziridwa ndi onse amene akutenga digiri ya utsogoleri wa maphunziro ku Zomba ndi ku Mzuzu.

Digiri imeneyi ingathe kupereka luso la kuŵerenga mabuku a ndalama ndi kukonza mapulani. Kukhulupirika ndi mwambo pa chuma cha anthu munthu amayenera kubwera nazo yekha m'kalasimo ndi kutuluka nazo. Mlimi wa ku Mchinji sadzaona pepala lopachikidwa pa khoma la ofesi. Adzaona ngati msika watsegulidwa pa nthaŵi yake ndi ngati ndalama za mbeu zake walandira. Onse amene ali pa maphunziroŵa adziŵe kuti mayeso ao omaliza adzalembera pamenepo.