Chala Chimodzi Chikhoza Kugoneka Khasu

Alimi anzathu, kuno ku Lichinga mvula imayamba mu Novembala. Ino ndi nthawi yobzala chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Tonse tidziwa kuti wobzala mochedwa amakolola zochepa. Tsono taganizani munthu wanyonga zake ali khale pakhonde, khasu lili gone, chifukwa cha chala chimodzi cha kuphazi!

Izi zinamuonekera mnzathu wina wa m'kalasi mwathu. Chikhadabo cha chala chake chachikulu chinalowa m'mnofu. Iye anatenga lumo nayamba kukumba pakona pa chikhadabocho. Mawa lake anapita kumunda, naponda matope. Chala chinatupa, mafinya anayamba kutuluka. Anakhala masabata atatu osagwira khasu, ndipo munda wake unabzalidwa anzake atayamba kale kupalira.

Kodi vutoli limayamba bwanji?

Kawirikawiri timadziputira tokha. Powenga zikhadabo timafupikitsa kwambiri, ndiponso timasema m'makona. Chikhadabo chikamakula, nsonga yake imabaya mnofu ngati munga. China ndi nsapato zothina. Mzinda wathu uli pamwamba, mamita opitirira 1,300, ndipo mu Juni ndi Julaye kumazizira zedi, kotero ambiri timakonda nsapato zotseka, ngakhale zazing'ono. M'dzinja timavala jombo tsiku lonse. Thukuta limafewetsa khungu, chikhadabo n'kulowa mosavuta. Kupunthwa pachitsa nakonso kumayambitsa vutoli.

Pamene pabayidwapo pamalowa tizilombo. Chala chimafiira, chimatupa, chimatentha, ndipo chimapweteka tikachikhudza. Ngati kutupako kuli m'mbali mwa chikhadabo mokha, tikhoza kudzithandiza kunyumba.

Zoyenera kuchita

Choyamba, tiwiritse madzi, ndipo tiwasiye mpaka akhale ofunda. Tiyese ndi chigongono kuti asatiotche. Tithire m'beseni loyera. Pa lita imodzi ya madzi tiikemo supuni yaing'ono imodzi ya mchere. Sopo nayenso amathandiza.

Chachiwiri, tiviike phazi kwa mphindi 15 kapena 20. Tichite zimenezi katatu pa tsiku: m'mawa, masana ndi madzulo.

Chachitatu, tipukute chala ndi nsalu yoyera mpaka chiume. Tsopano khungu lafewa. Tilikankhe pang'onopang'ono kuti lisiyane ndi chikhadabo. Titenge kathonje koyera, tikapote ngati kachingwe, tikalowetse pansi pa kona ya chikhadabo. Kathonjeko kamatukula nsonga ija kuti ikule pamwamba pa mnofu. Tisinthe kathonje tsiku ndi tsiku, titasamba m'manja.

Chachinayi, timange chala ndi kansalu koyera, osathinitsa. Tivale nkhwaila kapena patapata, jombo ziyambe zapuma. Masiku amenewa tisaponde matope kapena kulowa m'khola. Ululu ukakula, parasetamo amathandiza.

Zosayenera kuchita

Lumo, mpeni ndi singano tiziike kutali. Kukumba pakona kumangosiya kansonga kena kobisika, kamene kadzabayanso mozama. Tikumbukire kuti chikhadabo cha kuphazi chimakula pang'onopang'ono. Kuti chonse chimere chatsopano pamapita chaka, mwinanso chaka ndi theka. Tikalakwitsa lero tidzavutika miyezi yambiri.

Tisapakepo dothi, ndowe, phulusa, palafini kapena oilo wa galimoto. Ena amati zimaumitsa bala, koma ayi ndithu. M'dothi ndi m'ndowe mumakhala tizilombo ta kafumbata, matenda oumitsa nsagwada amene amapha. Tisagulenso makapisozi kumsika n'kumamwa tokha.

Nanga kuchipatala tipite liti?

Pakapita masiku atatu osaona kusintha, basi tinyamuke. Tisadikire ngakhale tsiku limodzi ngati mafinya akuchuluka, ngati kufiira kwadutsa chala n'kuyamba kukwera kuphazi, ngati thupi latentha, kapena mwanabere watuluka. Amene ali ndi matenda a shuga, ndi amene mapazi awo amachita dzanzi, asayese n'komwe kudzichiza okha. Bala lawo limachedwa kupola, ndipo akhoza kutaya chala kapena phazi lonse.

Tiyambire kwa azaumoyo a m'mudzi mwathu. Boma la Mozambique linayamba kuphunzitsa anthu otere mu 1978. Iwo adzatiuza ngati kuli koyenera kupita kuchipatala chaching'ono kapena ku chipatala chachikulu cha Lichinga. Tisaope. Adokotala amabaya jakisoni kuti chala chisamve ululu, kenaka amachotsa kambali kakang'ono ka chikhadabo. Tili komweko tifunsenso za katemera wa kafumbata.

Kupewa

Tiwenge zikhadabo titangosamba, zikadali zofewa. Tidule mowongoka, kuchoka mbali ino kufika mbali inayo, makona tiwasiye aziwoneka. Chikhadabo chilingane ndi nsonga ya chala. Pogula nsapato, zala zizitha kugwedezeka m'kati. Tiyang'anenso mapazi a ana athu, chifukwa phazi la mwana limakula msanga kuposa m'mene timagulira nsapato. Tikaweruka kumunda tisambe mapazi, tiwapukute, jombo tiziyanike.

Tisanayambe kulima timanola khasu ndi kukonza mpini. Chaka chino, mvula isanagwe, tiyeni tionenso zala zathu.

Tikambirane m'kalasi

1. Kodi chikhadabo tichiwenge motani?
2. Tiviike phazi kangati pa tsiku?
3. Tchulani zizindikiro zitatu zotiuza kuti tipite kuchipatala.