Mafuta a Usipa M'thupi la Ng'ombe

Timamva pa wailesi kuti kunja akusintha chibadwa cha ziweto. Tiyeni tiimvetse kaye nkhaniyi tisanaiweruze.

Thupi la chiweto linapangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'selo lililonse muli malangizo ochokera kwa makolo, amene asayansi amawatcha majini. Musasokoneze, si majini a mizimu aja ayi. Awa ndi amene amauza thupi mtundu wa ubweya, msinkhu, ngakhalenso mafuta oti lipange.

Pali mafuta otchedwa omega-3 amene amathandiza mtima ndi ubongo. Munthu, ng'ombe ndi mbuzi sangathe kuwapanga okha, amawapeza m'chakudya. Koma kanyongolotsi kena ka m'dothi, kotalika milimita imodzi basi, kali ndi jini yotchedwa fat-1 imene imasandutsa mafuta a omega-6 kukhala omega-3. Mu 2004 asayansi ku America anaika jini imeneyi mu mbewa, ndipo inagwira ntchito. Mu 2006 anaiika mu nkhumba, zimene kwa ife zikhalabe haramu ngakhale mafuta ake atakoma bwanji. Kenako ku China anaiika mu ng'ombe ndi nkhosa.

Ziweto zambiri zotere amazipanga posintha selo limodzi, kenako n'kulikulitsa kukhala mwana. Apa m'pamene funso la ukalamba limabwera. Kumapeto kwa ulusi wa majini kuli tinsonga timene timafupika selo likamagawikana, ngati chingwe cha ukonde chimene chikutha ndi kukoka. Ndiye mwana wochokera ku selo la chiweto chachikulire, kodi sabadwa atakalamba kale?

Nkhosa ina dzina lake Dolly inabadwa mu 1996 ku Roslin, ku Scotland, kuchokera ku selo la bere la nkhosa ya zaka 6. Mu 1999 anapeza kuti tinsonga take n'tatifupi. Inadwala nyamakazi, ndipo mu 2003 anaipha chifukwa cha matenda a m'mapapo oyamba ndi kachilombo, ili ndi zaka 6. Anthu anati yakalamba msanga. Koma mu 2016 a yunivesite ya Nottingham anaonetsa nkhosa 4 zochokera ku maselo omwewo zitafika zaka 9 zili bwino. Choncho tisamafulumire kufalitsa mantha.

Nanga chipembedzo? Mu 1997 maulama a International Islamic Fiqh Academy atakumana ku Jeddah analetsa kupanga munthu mwanjira imeneyi, koma analola pa ziweto ndi mbewu, bola pakhale phindu ndipo pasakhale kuononga. Kuno kwathu lamulo la Biosafety Act la 2002 ndi limene limayang'anira zinthu zosinthidwa chibadwa.

Tsopano taganizani. Mafuta amene anzathu akuwavutikira ndi ndalama zankhaninkhani, ife timawayanika pa thandala. Ndere za m'nyanja zimawapanga, tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, usipa n'kudya tizilomboto. Ndiponso chiweto chodya msipu wobiriwira chimakhala ndi omega-3 wochuluka kuposa chodya madeya okhaokha.

Ndiye amayi, musagulitse usipa wonse, kambale ka ana kazitsala. Abambo, neti ya udzudzu si ukonde, ndipo boma likatseka nyanja tizimvera. Nyanjayi ndi amana imene Allah anatisungitsa. Tikaipululutsa, zidzukulu zathu zidzagula modula chimene ife tinachipeza m'bwato.

Allah ndiye wodziwa koposa.